MUSANAGULE CIPANGIZO, FUNSANI KUTI CIDYA CIANI

Mlimi wanzeru akapita kukagula nkhumba kapena ng'ombe, sayang'ana kunenepa kwake kokha ai. Amayamba wadzifunsa ngati kunyumba kuli gaga wokwanira, ndiponso ngati msipu ndi madzi ziri pafupi, pakuti adziwa kuti ndalama zimene apereka tsiku logula ndi ciyambi cabe. Ciweto cimafuna kudya tsiku ndi tsiku. Koma mlimi yemweyo akagulitsa nshawa, thonje kapena fodya wake, nalowa m'sitolo ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, kawirikawiri funso limeneli amalisiya panja. Akaona wailesi yonyezimira, lamya ya m'manja ya galasi lalikulu kapena nyale ya sola, amangofunsa mtengo, nawerenga ndalama, namanga katundu wake panjinga. Ikapita miyezi itatu cipangizo cija ciri duu pathebulo, atacibvundikira ndi kansalu, cifukwa cakudya cake casowa.

Cipangizo ciri conse cimadya. Cina cimadya mabatire, cina magetsi, cina dzuwa, cina mphamvu ya mkono wa mwini wake, ndipo za masiku ano zimadyanso mabandulo a intaneti. Palibe nkhani imene iphunzitsa bwino zimenezi koposa mbiri ya wailesi m'dziko lathu lino. Kwa zaka zoposa 75 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana akhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi mau angafike bwanji m'nyumba ya kumudzi imene iribe magetsi, ndipo mwini wake ali ndi ndalama zocepa? Mayankho amene anapeza ndi okondweretsa kuwamva, ndipo muli phunziro lotithandiza kusunga ndalama za zokolola zathu.

WAILESI YA M'SEFULIYA

Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inatsegulidwa m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati. Boma la atsamunda linafuna kuti anthu azimva za nkhondoyo, pakuti anyamata ambiri a kuno anali atapita kukamenya nkhondo kutali. Koma mawailesi a nthawi imeneyo anali aakulu ndi odula, ndipo ambiri anali ofuna magetsi. Anthu akuda anali kumvera pa mawailesi owerengeka amene anaikidwa pa maboma, kwa mafumu ndi m'maholo a m'makomboni. Munthu wofuna kumva nkhani anayenera kuyenda mtunda ndi kukaimirira m'khamu la anthu, ndipo amai ambiri sanali kufikako konse.

Mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Bambo Harry Franklin, anaona kuti nyumba ya wailesi iribe phindu ngati omvera alibe pomvera. Iwo anatha zaka zitatu akufunafuna kampani imene ingapange wailesi yochipa, yolimba, yosafuna magetsi. Makampani ambiri anakana, poganiza kuti munthu wakuda sangathe kugula wailesi. Potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku Britain inabvomera.

Kapangidwe kake kanali kodabwitsa. Pofuna kuti mtengo utsike, amisiri a kampaniyo sanakhome bokosi la matabwa monga mwa masiku onse. Anatenga sefuliya yophikira ya aluminiyamu, ya masentimita 23 m'mimba mwake, yopanda cogwirira, naboola malo otulukira mau, naika ziwiya zonse za wailesi m'katimo. Ndico cifukwa cake inachedwa Saucepan Special, ndiye kuti wailesi ya m'sefuliya. Nzeru imeneyi inathandiza pawiri. Masefuliya anali kupangidwa kale ambirimbiri, motero anali ochipa, ndiponso aluminiyamu sadyedwa ndi ciswe, safufuma ndi cinyezi ca m'dzinja monga acitira matabwa. Mabowo onse anawatseka ndi kasefa ka waya kuti mphemvu ndi nyerere zisamange m'katimo. Kunja anaipaka utoto wabuluu. M'kati munali timababu tinai tagalasi tochedwa mavalavu, timene tinali kukuza mau, ndipo inali kugwira mafunde ochedwa shortwave, amene amayenda mtunda wautali. Motero nyumba imodzi ya ku Lusaka inali kumveka ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Wailesiyi inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. M'miyezi itatu yoyamba anagulitsa mawailesi 1,500, ndipo m'zaka zowerengeka zotsatira mawailesi 50,000 analowa m'dziko. Nyumba ya wailesi ija, imene tsopano inali kuchedwa Central African Broadcasting Station, inali kuulutsa mau m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele. Makalata opempha nyimbo pa pologalamu ya Zimene Mwatifunsa anali kufika miyandamiyanda, ndipo woimba wochuka uja, malemu Alick Nkhata, anadziwika m'midzi imene sanapondemo phazi. Mseu umene pali likulu la ZNBC ku Lusaka uli ndi dzina la iwowo.

KOBIRI LIMODZI PA OLA

Nanga wailesi ya m'sefuliya inali kudya ciani? Mavalavu aja anali adyera kwambiri. Anali kufuna batire lalikulu ndi lolemera, lokhala palokha kunja kwa sefuliya, ndipo mtengo wake unali masheleni 25. Batire limodzi linali kutha pambuyo pa maola 300.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Sheleni imodzi inali makobiri 12, motero masheleni 25 anali makobiri 300. Ndiye kuti ola liri lonse limene banja linamvera wailesi, kobiri limodzi linali kutuluka m'thumba. Banja lomvera maola atatu madzulo ali onse linali kutsiriza batire m'masiku 100, ndipo pa caka linali kufuna mabatire pafupifupi anai. Mabatire anai ndi masheleni 100, amene ndi mapaundi 5. Mwa mau ena, caka ciri conse mwini wailesi anali kuperekanso ndalama zonga zimene anagulira wailesiyo. Tikakumbukira kuti nchito yeniyeni ya kampani ya Ever Ready inali kupanga mabatire, timvetsa cifukwa cake iyo inabvomera pamene ena onse anakana. Wailesi munthu amagula kamodzi, koma batire amabwerera kusitolo kukagula lina.

Ngakhale zinali tero, anthu analolera kulipira, pakuti wailesi ya m'nyumba mwako uli nayo ufulu. Pa wailesi ya pa boma munthu anali kumva zokhazo zimene mtsamunda wasankha, koma kunyumba anali kupotokola yekha kasingano. M'nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ambiri anasiya kukhulupirira nkhani za ndale zocokera pa wailesi ya boma, nayamba kufunafuna nyumba za wailesi za kunja. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 mau a omenyera ufulu wathu anali kumveka kucokera ku Dar es Salaam, kumene Bambo Andreya Masiye anali kuulutsa nkhani. Cipangizo cimene boma la atsamunda linabweretsa kuti limveke lokha cinathandizanso kufalitsa uthenga wa ufulu.

MABATIRE A TOCHI

Cimene cinathetsa wailesi ya m'sefuliya ndi kacipangizo kakang'ono ngati njere ya nyemba, kochedwa transistor, kamene kanatulukiridwa ku America m'caka ca 1947 ndi akatswiri a ku Bell Laboratories. Kameneka kamagwira nchito ya valavu, koma sikatentha ndipo kamadya pang'ono zedi. Wailesi yoyamba ya transistor yolowa m'thumba inagulitsidwa mu 1954, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1960 mawailesi oyendera mabatire a tochi anali atafala ponseponse.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, mawailesi a Supersonic anali kupangidwa ku Livingstone, ndipo mu 1978 fakitale ya mabatire a Spark inatsegulidwa ku Mansa. Kuyambira 1966 alimi anali kusonkhana m'magulu kumvera pologalamu ya Radio Farm Forum ndi kukambirana zimene amva. Madzulo mabanja anali kuzungulira wailesi kudikira nthano za malemu Julius Chongo pa Poceza M'madzulo.

Koma njala ya wailesi sinathe ai, inangocepa. Acikulire akumbukira zaka zija za m'ma 1980 pamene katundu anasowa m'masitolo. Anthu anali kuyanika mabatire otha padzuwa kuti apezeko kamphamvu ka nkhani za madzulo. Ena anali kundandika mabatire akale asanu kapena asanu ndi limodzi m'cikatoni, nawamanga ndi mphira, nalumikiza mawaya kunja kwa wailesi. M'nyumba zambiri bambo pocoka anali kucotsa mabatire ndi kuwakhomera m'sutikesi, kuti amai ndi ana asawathe. Motero uphungu wa za cipatala ca ana, wa katemera ndi wa kadyedwe kabwino unali kuulutsidwa masana, koma amai amene unali kuwalinga sanali kuumva.

WAILESI YOPUKUSA

Amene anayesa kucotseratu batire anali Mngelezi wina wa ku London, Bambo Trevor Baylis. Iwo sanali mphunzitsi wa pa yunivesiti. Pa unyamata wao anali katswiri wosambira, ndipo pambuyo pake anali kucita masewera oopsa oonetsa anthu, koma anali ndi kanyumba ka zipangizo kumene anali kukonda kupanga zinthu. M'caka ca 1991 anaonera pa wailesi ya kanema nkhani ya kufala kwa matenda a AIDS mu Africa. M'nkhanimo munanenedwa kuti njira yabwino yophunzitsira anthu ndi wailesi, koma kumidzi kulibe magetsi ndipo mabatire ndi odula.

Bambo Baylis anakumbukira galamafoni yakale, imene munthu amapukusa ndi dzanja ndipo mbale imazungulira yokha. Anaganiza kuti ngati sipuling'i ingazungulitse mbale ya nyimbo, ingathenso kuzungulitsa kadainamo, monga kaja kamene kamayatsa nyale ya njinga. Anatenga kawailesi kakang'ono, kainjini ka m'galimoto yoseweretsa ana ndi sipuling'i ya m'kabokosi koimba, nazilumikiza. Wailesi yao yoyesera inalira mphindi 14 popanda batire.

Monga zinacitikira kwa Bambo Franklin, makampani aakulu anawakana. Zinthu zinasintha mu 1994 pamene BBC inaonetsa wailesiyo pa pologalamu ya Tomorrow's World. Anthu awiri a malonda, Christopher Staines ndi Rory Stear, anagwirizana nao, ndipo mu 1995 anatsegula kampani ya BayGen ku Cape Town m'dziko la South Africa, imene inalemba nchito anthu ambiri olumala. Wailesiyo anaicha Freeplay. M'kati mwake munali citsulo copyapyala, cacitali, cokulungidwa ngati nkhata. Munthu akapukusa cogwirira kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, citsuloco cinali kukulungika pa gudumu lina, ndipo pobwerera pang'onopang'ono cinali kuzungulitsa kadainamo. Wailesi inali kulira pafupifupi theka la ola, ndipo ikaleka munthu anali kungopukusanso.

Apa cakudya ca wailesi cinakhala caulere, koma panabuka bvuto lina. Mtengo wogulira unali wokwera kwambiri koposa wa kawailesi wamba ka mabatire. Munthu wa kumudzi, amene ndalama zimamfikira pang'onopang'ono, anapeza capafupi kugula kawailesi kochipa ndi kumagula mabatire awiriawiri, ngakhale kuti pakutha pa zaka ziwiri anali ataononga zambiri. Motero mawailesi ambiri a Freeplay anagulidwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo amene anafika m'midzi ya mu Africa anabwera makamaka kudzera m'mabungwe othandiza. Pambuyo pake kampaniyo inasiya sipuling'i, niyamba kuika kabatire kochaja kamene kamadzazidwa ndi kupukusa kapena ndi dzuwa. Bambo Baylis anamwalira mu 2018.

ANAYAMBA AFUNSA ENI AKE

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mai Kristine Pearson, amene anali kutsogolera bungwe la Freeplay Foundation, anaona kuti wailesi yopangidwira sitolo ya ku London siingakhalitse m'manja mwa ana amasiye a ku Rwanda, amene ambiri a iwo anali kulera okha azing'ono ao pambuyo pa kuphana kwa 1994. Iwo anapita kukakhala pansi ndi anawo ndi amai a kumidzi, nawafunsa cimene cimayamba kuonongeka pa wailesi, ndi cimene iwo afuna.

Mayankho ao ndiwo anapanga wailesi ya Lifeline, imene inatuluka mu 2003. Popeza mlongoti wa citsulo umathyoka msanga, anaikapo waya wamba umene munthu angausinthe yekha. Popeza ana anali kuthyola cogwirira pocipukusa cobwerera m'mbuyo, anacikonza kuti cizigwira nchito mbali zonse ziwiri. Manambala a masiteshoni anawalemba akuluakulu, ndipo mau anawakuza kuti gulu la anthu 40 lizimva bwino pansi pa mtengo. Anaikaponso kasola, kuti masana wailesi izidya dzuwa ndipo usiku izidya mkono. Nayonso inali yabuluu, monga inaliri ya m'sefuliya ija.

Mawailesi opukusa anagwira nchito yaikulu kuno kwathu. M'caka ca 2000 Unduna wa Maphunziro unayambitsa pologalamu ya Learning at Taonga Market, yophunzitsa ana amene sanapeze malo m'sukulu. Ana anali kusonkhana pa chalichi kapena pansi pa mtengo, mphunzitsi wa pa wailesi nalankhula, ndipo wothandiza wa m'mudzi momwemo anali kutsogolera anawo kucita zimene wailesi yanena. Ku Cigawo ca Kum'mawa magulu a alimi a bungwe la COMACO analandiranso mawailesi a sola ndi opukusa kuti azimvera pologalamu ya Farm Talk pa Breeze FM ya ku Chipata. Popeza munalibe mabatire oti wina acotse ndi kubisa, amai ndi ana anatha kumvera nthawi iri yonse.

LAMYA YA M'MANJA

Lero wailesi ya anthu ambiri iri m'thumba, m'kati mwa lamya ya m'manja. Pamenepanso makampani amene anapambana kumidzi ndi amene anaganizira za cakudya ca cipangizo. Mu 2003 kampani ya Nokia ya ku Finland inatulutsa lamya yochedwa Nokia 1100. Inalibe kamera kapena zokometsera zina, koma mabatani ake anali otseka kuti fumbi lisalowe, m'mbali mwake munali mosaterera m'dzanja la thukuta, pamwamba panali katochi, ndipo batire lake linali kukhala sabata yathunthu. Malamya amenewa anagulitsidwa oposa 250 miliyoni pa dziko lonse.

Pambuyo pake kunabwera kampani ya Transsion ya ku China, imene inayamba mu 2006, ndipo ndiyo imapanga malamya a Tecno, itel ndi Infinix. Anthu ake anayenda m'misika ya mu Africa kuona mmene timagwiritsira nchito lamya. Anaona kuti ambiri amayenda ndi makhadi a SIM awiri kapena atatu, cifukwa kuimbira munthu wa kampani ina kunali kodula ndiponso netiweki imagwira mosiyana malo ndi malo, motero anapanga malamya olowa makhadi awiri. Anaika mabatire okhalitsa. Anakonza kamera kuti izijambula bwino nkhope ya munthu wakuda, pakuti makamera ambiri anali kutulutsa mdima wokhawokha. M'malamya ena anaika wailesi ya FM yolira popanda kulumikiza zomvera za m'makutu. Pofika 2017 kampaniyi inali kugulitsa malamya ambiri mu Africa koposa ina iri yonse.

Wogula ayenera kudziwa kuti lamya ya mabatani ndi lamya ya galasi lalikulu zimasiyana kadyedwe monga mbuzi ndi ng'ombe ya mkaka. Ya mabatani ingathe masiku angapo isanachajidwe. Ya galasi imafuna kuchaja pafupifupi tsiku liri lonse, ndipo ngati kunyumba kulibe sola, ndalama zochajitsa pa msika ndi ulendo wopita kumeneko ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wake.

DZIKO LONSE PA KAGALASI

Zambia inali limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti, pamene kampani ya Zamnet inayamba pa University of Zambia mu 1994. Masiku ano intaneti imafika ndi kumidzi kudzera pa lamya, ndipo pali cinthu cina cokongola cimene okonda wailesi ayenera kucidziwa. Dzina lake ndi Radio Garden, ndipo cinapangidwa ku Netherlands, nicitsegulidwa kwa anthu onse mu December 2016.

Munthu akatsegula Radio Garden amaona dziko lonse lapansi lozungulira ngati mpira, lodzala ndi timadontho tobiriwira. Kadontho kali konse ndi mzinda umene uli ndi nyumba ya wailesi. Ukasuntha mpirawo ndi cala ndi kuimika kadontho pakati, umamva zimene zikuulutsidwa kumeneko nthawi yomweyo. Lusaka iri ndi kadontho kake, cimodzimodzinso Lilongwe, Harare, Nairobi ndi London. Ubwino wa kapangidwe kake ndi wakuti sikafuna kuti munthu adziwe Cingelezi kapena kulemba dzina la siteshoni. Mwana wathu wogwira nchito ku Johannesburg angamve nyimbo ndi nkhani za kwao ngati kuti ali pakhonde pa amai ake.

Koma naco cimadya. Kumvera wailesi kudzera pa intaneti kumatha pakati pa 30 MB ndi 60 MB pa ola limodzi. Ndiye kuti bandulo ya 1 GB, kwa munthu womvera maola atatu madzulo ali onse, ingathe m'masiku 6 kufikira 11. Kumeneku ndi kubwerera ku kobiri lija la pa ola. Pamene wailesi ya FM imene iri m'lamya momwemo siidya bandulo ngakhale pang'ono, cifukwa imagwira mau kucokera mumlengalenga monga wailesi ina iri yonse. Cotero ngati siteshoni imene mufuna ndi ya pafupi, monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata, Chikaya ku Lundazi kapena Mphangwe ku Katete, tsegulani FM. Intaneti isungireni siteshoni yakutali ndi uthenga wa mau wa pa WhatsApp, umene umathandiza ngakhale agogo osadziwa kulemba.

DZUWA NDI NKHONGOLE

Cakudya cochipa koposa zonse m'dziko lathu ndi dzuwa. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa masola pa dziko lonse unatsika ndi pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, ndipo mababu a LED amawala kwambiri pa mphamvu yocepa. Ndico cifukwa cake kasola kakang'ono kangathe kuyatsa mababu atatu, kuchaja lamya ndi kuliza wailesi. Pa cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, anthu a m'matauni anathamangira masola omwewo amene a kumidzi anawazolowera kale.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Coyamba, sola yeniyeni imakhala zaka zambiri, koma batire losunga mphamvu limafooka pakapita zaka zowerengeka, ndipo limafa msanga ngati likhala lotheratu kawirikawiri. Caciwiri, masola ambiri amagulitsidwa mwa nkhongole yolipira pang'onopang'ono kudzera pa lamya. Njira imeneyi inathetsa bvuto lija la wailesi ya Bambo Baylis, pakuti munthu safunika kukhala ndi ndalama zonse tsiku limodzi. Koma m'kati mwa cipangizoco muli kaloko kamene kamazimitsa nyale ngati malipiro acedwa. Ndalama za mlimi zimabwera pa nthawi yokolola, pamene nkhongole imafuna kudya ngakhale mu January ndi February, nkhokwe ziri pansi.

MAFUNSO OFUNSA M'SITOLO

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, masitolo ndi misika zimadzala ndi zipangizo zonyezimira, ndipo zina mwa izo ndi zabwino ndithu. Pofuna kusiyanitsa, mlimi asacite manyazi kufunsa, pakuti ndalama ndi zake.

Funsani coyamba kuti cipangizoco cidya ciani, ndipo cakudyaco cidzatha ndalama zingati pa caka. Tengani pensulo muwerengere monga tacitira ndi batire la masheleni 25. Ngati ndi ca nkhongole, culukitsani malipiro a tsiku limodzi ndi masiku onse a panganolo, muonjezepo ndalama zoyamba, ndipo muyerekeze ndi mtengo wogula pa kashi. Funsaninso cimene cidzacitika mukalephera kulipira mwezi umodzi.

Funsani caciwiri kuti cimene cimayamba kuonongeka n'ciani, ndipo cipezeka kuti. Batire la lamya kapena la sola limene lipezeka pa boma lanu ndi labwino koposa limene liyenera kuitanitsidwa ku Lusaka. Funsani ngati m'dera lanu muli mmisiri wodziwa kucikonza. Pemphani lisiti ndi kalata ya citsimikizo yonena miyezi imene angakusinthireni cikaonongeka, ndipo muzisunge pamodzi ndi makhadi a kucipatala.

Funsani cacitatu kuti ndani m'banja adzacigwiritsa nchito. Ngati lamya ndiyo wailesi yokha ya pakhomo, bambo akapita nayo kumsika nyumba yonse imakhala m'cimbulimbuli, monga zinaliri masiku aja obisa mabatire m'sutikesi. Kawailesi ka sola kokhala panyumba kamathandiza amai kumva za nyengo, za mitengo ya mbeu ndi za masiku a katemera, ndipo ana amamverapo maphunziro. Asanagule, bambo ndi mai akhale pansi agwirizane, pakuti onse awiri anagwira khasu.

Potsiriza, pitani mukaone mnansi amene anagula cipangizo conga comweco caka catha. Ngati cikali kugwira nchito, mfunseni ndalama zimene waonongerapo kucokera tsiku limene anacigula. Yankho lake lidzakuuzani zoona koposa zolembedwa pa katoni.